Mondokwa wa Novembala pa Msewu wa ku Lizulu

Munthu amene amayenda kawirikawiri pa msewu wa M1, pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, amatha kudziwa mwezi poona zimene zayalidwa m'mbali mwa msewuwo. Mu Epulo ndi Meyi mumakhala maungu, nzimbe ndi mtedza wauwisi. Anthu akakolola, anyamata amatulukira ndi mbewa zopanidwa pa timitengo. Kumapeto kwa Novembala, mvula yoyamba itangogwa, ndiye nthawi yosokoneza, chifukwa pa thandala limodzi mumapeza zam'dimba zimene zikutha ndi zam'tchire zimene zangoyamba kumene, pamene kumunda kwenikweni kulibe kanthu koma mizere yokhayokha.

Nthawi imeneyo ndi imene ndinayenda ndi alamu anga pa galimoto yawo ya Sienta, kupita ku ukwati wa mwana wa achemwali ku Bangwe. Achemwaliwo anatituma pafoni: mbatatesi, tomato, anyezi ndi kabichi, zonse tigule m'njira chifukwa ku Limbe mitengo yake ndi yosayamba. Ku Nathenje, ku Kamphata ndi ku Linthipe tinangodutsa. Mvula inali itagwa Lachitatu, ndipo m'minda munali anthu oweramira pansi, wina akukumba mapando, wina akuponya mbewu, mwana akukwirira ndi phazi. Pa Kalinyeke tinalipira ndalama ya msewu pa geti limene linayamba kugwira ntchito mu 2022, kenako tinayamba kukwera, mpaka alamu anatseka mawindo chifukwa cha mphepo. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo ngakhale mu Novembala, pamene ku Chikwawa anthu akugona panja, kuno m'mawa umafuna juzi.

Ukangopitirira Dedza, msewu umayenda pamsana pa mtunda ndipo m'malo ambiri umatsata malire. Kumanzere ndi Malawi, kumanja ndi boma la Angonia la m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malirewa mu 1891, potsata pamene madzi a mvula amagawikana: ogwa mbali ino amatsikira ku Nyanja ya Malawi, ogwa mbali inayo amalowera ku Zambezi. Anthu a mbali zonse ziwiri amalankhula chinenero chimodzi, amakwatirana, amaikirana maliro, ndipo mbatatesi zambiri zimene timati za ku Ntcheu zimalimidwa kutsidya kwa msewu.

Ine ndinkafuna kuti tikagulire pa msika wa Lizulu, pamene pali zonse. Alamu anakana. Anati iwo sakonda kuzingidwa ndi mabeseni khumi pawindo limodzi, aliyense akufuula zake, ndipo ukatsika umagula kwa amene wakukoka mwamphamvu osati amene ali ndi katundu wabwino. Choncho titadutsa pa Masasa, pamene msewu wa Khwekhwerere umapatukira kutsikira ku Golomoti, anayamba kuyenda pang'onopang'ono, maso ali m'mbali, mpaka anaima pa kathandala kamene kanali pakokha.

Kanali ka mitengo inayi ya bulugamu, pamwamba pake atayalapo bango, kadenga ka udzu kakuteteza kudzuwa. Kuseri kwake kunali nyumba ya njerwa zootcha, mitengo ya mapichesi, khola la nkhumba, ndi kanjira kotsetsereka kolowera kudambo. Pathandalapo panali milu ya tomato, inayi pansi ndi imodzi pamwamba monga amaunjikira kulikonse, mitolo ya anyezi wamasamba, makabichi ochepa, ndi beseni la mapichesi ang'onoang'ono ofiira mbali imodzi. Pansi panali ndowa za mbatatesi zodzaza mpaka kupanga nsonga, ndi mulu wa mondokwa wosasenda. Chapambali, pa chiguduli, agogo ena anayala zawozawo: timbale ta ngumbi zokazinga, masuku m'lichero, ndi bowa.

“Takulandirani bambo,” anatero mayi amene anatuluka m'nyumbamo akupukuta manja pachitenje. “Mwayenda bwanji?”

“Tayenda bwino amayi, kaya inu mwadzuka bwanji kuno?”

“Tadzuka, mvula yatipeza. Sankhani, zonse n'zapakhomo pano.”

Mawu akuti zapakhomo panowo amanenedwa ndi aliyense wogulitsa pa msewu, ngakhale amene wapikula katundu wake m'bandakucha kwa ena. Koma apa umboni unalipo. Mbatatesi zinali ndi dothi lakuda lonyowa, khungu lake likusupuka ukalikhudza ndi chala, kusonyeza kuti zakumbidwa kumene. Tomato sanali wofanana kukula, wina wamkulu, wina wopindika, wina ali ndi kachipsera. Wopikula amasankha wofanana kuti milu ioneke bwino. Mlimi amayala zimene munda wapereka.

Alamu atatchula kuchuluka kwa zimene tikufuna, mayiwo anaseka n'kunena kuti za ukwati sizikwanira pathandala. Anatuma kamwana kukaitana bambo ake kumunda wa chimanga, ndipo anatiuza kuti ngati sitikufulumira, titsike nawo kudimba tikasankhe tokha. Alamu anatsala kuti ayang'anire galimoto. Ine ndinatsika.

Dimba lake silinali lalikulu, munthu ukhoza kulizungulira usanamalize kudya chimanga chimodzi. Linali m'mphepete mwa dambo, lotchingidwa ndi mpanda wa udzu chifukwa cha mbuzi, ndipo pakati pake panali zitsime ziwiri zosazama, makheni awiri ali pambali. Bambowo anabwera khasu lili paphewa, matope mpaka m'mawondo, ndipo pamene ankathyola chimanga ndi pamene ndinamvetsa chimene ndinkagula.

Chimanga cha m'munda wa mvula chimadzalidwa cha mu Novembala ndipo mondokwa wake amadyedwa mu Febuluwale ndi Malichi. Nthawi imeneyo aliyense ali nacho, akuba amachuluka, ndipo m'maboma ambiri akuluakulu amaletsa kugulitsa chimanga chachiwisi pamsika. Mondokwa wa Novembala ndi wina. Kuti ache tsopano, anayenera kudzalidwa cha mu Ogasiti, ndipo kuno kumtunda kusankha tsiku lodzala ndi nkhani yaikulu. Ukafulumira n'kudzala mu Juni kapena kumayambiriro kwa Julaye, chisanu cha kudambo chimawaula mbewu usiku umodzi wokha, kapena chimanga chimangokhala osakula. Ukachedwa, chimacha dambo litadzaza kale madzi, mizu ili m'matope, komanso anzako atagulitsa kale. Pakati pa ziwirizi pali masabata ochepa, ndipo amene wawapeza amathirira ndi kheni m'mawa ndi madzulo m'miyezi yonse yotentha, Seputembala ndi Okutobala, pamene madzi a m'chitsime akutsika tsiku ndi tsiku ndipo umayenera kuchikumbanso.

“Ndiye mukaona chimanga chimodzi tikutchula mtengo umene uja, musamadabwe,” anatero bambowo. “Ndi madzi a pamutu amenewo.”

Anandionetsa ndi mbozi zimene zimalowa pamtima pa chimanga, zija zinavuta dziko lonse mu 2017 ndipo sizinachokenso. M'chilimwe, pamene kulibe chimanga china chobiriwira, dimba limodzi limaitana mbozi za mudzi wonse. Iwo amayenda mzere ndi mzere kuzifinya ndi zala, ndipo mankhwala amagula akakhala ndi ndalama.

Tomato anali kumapeto. Mitengo yake yomangirira inali itayamba kupendama, masamba am'munsi atada. Mvula ikakhazikika chiwawu chimagwira tomato ndi mbatatesi, makamaka kumalo ozizira ndi a nkhungu ngati kuno, ndipo n'chifukwa chake mu Januwale ndi Febuluwale tomato amasowa m'tauni, mtengo wake n'kukwera mpaka amayi kumaphika ndiwo ndi mmodzi yekha. Amene ali ndi ndalama ya mankhwala opopera sabata ndi sabata ndiye amalima tomato wa dzinja n'kupha makwacha. Banja ili linalibe mphamvu imeneyo, choncho linkathyola wotsalayo msangamsanga mvula isanamuwononge. Mbewu yake anati ndi Tengeru, ija yolimba khungu imene imapirira ulendo. Mbatatesi zinali za Violet, zimene okazinga tchipisi amazikonda, ngakhale alangizi akhala akulimbikitsa mitundu ina yatsopano monga Chuma ndi Thandizo.

Ndinafunsa ngati chimangacho sasiyako choti chiume, adzadye nsima mu Januwale. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Chimanga chimodzi chachiwisi pa msewu chimagula chouma chochuluka kuposa chimene chingatuluke pachitsononkho chimenecho. Ndipo ndalama ikufunika lero. Munda wa mvula wadzalidwa, pakangotha masabata awiri kapena atatu ukufuna feteleza, ndipo chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la feteleza lakhala chinthu chimene banja limakhalira pansi kukambirana. Makuponi a boma, amene anayamba mu 2005 n'kusinthidwa dzina kukhala AIP mu 2020, safikira aliyense, ndipo kumene afika nthawi zina amafika chimanga chitafika kale m'chiuno. Kotero zimene zili pathandala lija si zotsala pakhomo atakhuta. Dimba ndi limene limalipirira munda, ndipo munda ndi umene udzadyetse banja chaka chamawa.

Tinakwera chitunda titasenza, ine thumba la chimanga, iwo dengu la tomato. Kumsewu tinapeza alamu atayamba kale ntchito imene amaidziwa bwino, yonenerera. Anali atagwira ndowa ya mbatatesi akuigogoda pansi pake kuti aone ngati sinaphwanyidwe dala kuti ichepe mkati.

“Amayi, ndowa iyi yadya kale theka,” anatero.

“Ayi bambo, imeneyo ndi yotungira madzi pakhomo pano. Mukafuna bweretsani yanu tithiremo.”

“Chotseraniko pang'ono, tikutenga zambiri.”

“Ndachotsa kale poyamba paja. Ndikachotsanso ndiye kuti ndakupatsani ndi khasu lomwe.”

Kunenerera ndi mwambo wa msika ndipo wogulitsa amakuyembekezera; ukalipira mtengo woyamba osanenapo kanthu, ena amaona ngati wawanyoza kapena ndiwe mlendo. Koma pali kunenerera kwina kumene ine sindikukonda, kwa munthu amene wakhala m'galimoto injini ikulira, akudziwa kuti tomato uyu sangagone masiku atatu ndipo galimoto ina mwina siimanso mpaka madzulo. Ameneyo sakukambirana mtengo, akungodikira kuti mnzakeyo afooke. Anthu omwewo ukawapeza m'sitolo zikuluzikulu za mu Lilongwe, akulipira mwakachetechete tomato wa m'pepala la pulasitiki amene mwina wachokera kudera lomwelino. Alamu anga, kunena zoona, si a gulu limenelo. Amakonda mkanganowo kuposa ndalama imene apulumutsa, ndipo atagwirizana anaitanitsa banyira mokweza, mayiwo n'kuwaponyera manja awiri a mapichesi m'jumbo.

Mapichesi a kuno ndi ang'ono, olimba, owawasa pang'ono, ndipo ukaluma uyenera kuyang'ana kaye mkati chifukwa ntchentche za zipatso zimaikiramo mazira. Nyengo yake ndi yaifupi, Khirisimasi ikamafika amakhala akutha. Palibe amene amawathira feteleza kapena kuwadulira. Mtengo umangokhala kuseri kwa nyumba, chaka chilichonse n'kubereka ndalama ya sopo ndi mchere.

Ine mtima wanga unali pa chiguduli cha agogo aja. Nditaganiza bwino, pafupifupi zonse za pathandala zinachita kubwera: chimanga kwawo ndi ku Mexico, mbatatesi ku mapiri a Andes ku South America, tomato nayenso kutsidya komweko, mapichesi ku China. Za agogowo zokha ndi zimene makolo athu anazipeza m'dziko muno, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe chimene munthu anadzala.

“Agogo, bowa uyu ndi wanji?”

“Utale, mwanangu. Wa pachulu. Ndazula m'mawa uno.”

“Manyame mulibe?”

“Manyame asanayambe. Mvula igwe kaye yokwanira, nthaka ikhute. Mudzadutse mwezi wamawa.”

Utale umamera pamene pali chiswe, chifukwa chiswecho ndi chimene chimaulima pansi pa chulu. Manyame, ofiira ndi achikasu aja, amamera pa mizu ya mitengo yachilengedwe monga mombo, tsamba ndi msuku, ndipo mpaka pano palibe amene wakwanitsa kuwalima m'nyumba monga amachitira ndi bowa wa oyisitara. Mitengo imeneyi ikadulidwa, bowayo amapita nayo. Agogowo anati kale ankazula kuseri kwa mudzi, koma tsopano amadzuka nkhuku zisanatsike n'kuyenda mpaka kuphiri, nthawi zina kuwoloka malire, ndipo masuku aja anatola komweko. Bulugamu ndi paini zimene zadzalidwa m'malo mwa nkhalango zakale zimapereka milimo ndi matabwa, koma pansi pake sipamera manyame.

Ngumbi zinali za usiku wa Lachitatu lomwelo, mvula itangokata. Anazikazinga ndi mchere n'kuziyanika, mapiko atapetedwa bwinobwino. Ndinagula kambale kamodzi pamodzi ndi utale uja, ndipo agogowo anakana ndalama yapepala yaikulu chifukwa analibe chenje. Mayi uja ndiye anatithandiza: ndinatumiza zonse pamodzi pa foni yake, iye n'kuwapatsa agogowo zawo kuchokera pa mfundo ya chitenje. Mayiyo anandiuza kuti akalandira ndalama ya ku Mozambique saikana, popeza pa Lizulu imasinthika mosavuta.

Titalongedza, galimoto inakhala pansi kumbuyo. Pa Lizulu tinadutsa pang'onopang'ono pakati pa malole amene ankapakira matumba a mbatatesi ndi makabichi opita ku Blantyre ndi ku Lilongwe, matumba aja osokerera pamwamba mpaka kutalika kuposa munthu. Apa ndi pamene pamapangidwa mtengo wa dera lonse. Mlimi amene alibe msewu pakhomo pake amabwera kuno ndi ngolo kapena njinga, n'kupeza opikula atagwirizana kale mtengo, ndipo sangabwerere nazo kunyumba. Banja lija lili ndi mwayi umodzi umene anzawo a kuseri kwa phiri alibe, woti phula linadutsa pakhomo pawo. Amagulitsa pang'onopang'ono, koma ndalama ya wopikula imatsala m'thumba mwawo.

Dera limeneli ndi la Angoni a kwa Maseko, ndipo likulu la Inkosi ya Makosi Gomani lili kufupi ndi Lizulu pomwepa. Gomani woyamba anaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896. Chapafupi palinso mishoni ya Mlanda, ya mpingo wa CCAP Sinodi ya Nkhoma. Achikulire a kuno amakumbukiranso zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira anthu mbali ino ya msewu, dziko la Malawi n'kusunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi. Midzi ya kumanja kwa msewu inali mabwinja, ya kumanzere yodzaza misasa, mpaka mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992. Lero kumanjako ndi minda yokhayokha mpaka kumene maso alekezera, ndipo alamu anati nthaka ya kumeneko idakali ndi mphamvu chifukwa inagonera zaka zonse zija. Kaya ndi zoona, koma makabichi ake ndi aakulu ndithu.

Kuchokera pa Mlangeni msewu umayamba kutsika, ndipo ukafika pa boma la Ntcheu juzi umavula. Kupitirira apo dziko limasintha msanga. Mapichesi ndi mbatatesi zimatha, m'malo mwake mumabwera mango: madengu a timango ta kalisere, milu ya maboloma akuluakulu, ana akuthamangira galimoto iliyonse imene yachepetsa liwiro. Kuno kuchigwa mvula inali isanagwe, minda ili mbee, mbuzi zitabisala pansi pa malambe. Mango ndi ochuluka kwambiri mwakuti mtengo wake ndi wongotaya, ndipo pansi pa mitengo pamakhala ataolerana. Apa palibe luso la kutsogola limene tinaliona kumtunda kuja. Mitengo yonse imapsa nthawi imodzi ndipo aliyense akugulitsa chinthu chimodzimodzi. Alamu anagula dengu lonse osanenerera n'komwe, mwina chifukwa panalibe chochotsapo.

Pa Chingeni tinalipiranso pa geti lachiwiri, limene linatsegulidwa mu 2021, kenako Senzani ndi Phalula, kumene malonda a m'mbali mwa msewu ndi matumba a makala oimikidwa mondondozana. Mapiri a kumeneko ndi ometedwa. Ndinaganiza za manyame a mwezi wamawa, koma sindinanene kanthu, popeza nyemba za ukwati umene tinkapitawo zinali zoti ziphikidwe pa makala omwewo.

M'galimoto munayamba kununkhira bowa. Utale suchedwa kugwa mphutsi kukatentha, ndipo mondokwa naye akagona kutsekemera kumachepa, choncho tinagwirizana kuti ziwirizi si za ukwati, tidya usiku womwewo ndi amene tiwapeze akusenda mbatatesi. Pa Zalewa, pafupi ndi mlatho wa Shire, wapolisi anatiimitsa n'kupempha kuti titsegule kumbuyo. Anayang'ana matumba, anakweza chiguduli chimene tinaphimbira tomato, n'kufunsa ngati pansi pake palibe makala.

“Mulibe bwana, ndi za ukwati,” anatero alamu.

“Ukwati wake wa anthu angati, katundu yenseyu?”

“Amene taitana ndi ochepa. Koma mukudziwa za ku Bangwe.”

Anaseka n'kutiuza kuti tizipita, tisachedwetse ophika.